Mankhwala a mtima ndi moto wa m'tchire

Chichewa chimausenzetsa mtima katundu wambiri. Timapsa mtima, timataya mtima, timaukhazika pansi, zikavuta umakhala m'mwamba, zikatheka umati myaa. Ife amene timaphunzira zinenero ndi zolembalemba tikhoza kutha semesita yathunthu tikukambirana mawu amenewa osawamaliza. Koma pa onsewa palibe ngakhale amodzi amene amatiuza kuti mtima ndi chinthu cha magetsi. Sindikuphiphiritsa. Ndikunena magetsi enieni, oyezeka ndi makina, amene Willem Einthoven wa ku Netherlands anawajambula papepala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mpaka kulandira nawo mphoto ya Nobel mu 1924. Mzere wokwerakwera umene mumauona pa makina a ECG ndi chithunzi cha magetsiwo.

Ndakhala ndikuwerenga za mankhwala amene amapatsidwa kwa munthu pamene magetsiwa asokonekera, ndipo chimene chandigwira mtima ndi chakuti mankhwala aliwonse otha kukonza kagundidwe ka mtima amathanso kukasokoneza, ndipo amakasokonezera pa khomo lomwelo limene amakonzera. Kuti zimveke, tiyambe ndi mmene mtima umagundira.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Pakhoma la chipinda cham'mwamba chakumanja pali kagulu ka maselo kotchedwa SA node, kamene Arthur Keith ndi Martin Flack anakafotokoza mu 1907. Kaguluka sikadikira lamulo lochokera ku ubongo. Kamathetheka kokha, ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi munthu akakhala phee, ndipo ubongo ndi mahomoni zimangokauza kuti fulumira kapena chepetsa liwiro. Magetsi akachoka pamenepo amafalikira m'zipinda zam'mwamba, kenako amafika pa kagulu kena, AV node, kamene kali ngati mlonda wa pachipata. Mlondayu amawachedwetsa pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kuti zipinda zam'mwamba zimalize kutsanulira magazi m'munsi. Akawalola, magetsi amathamanga m'zipinda zam'munsi, zimene zimafinyika n'kukankhira magazi ku mapapo ndi m'thupi lonse.

Nanga magetsiwo amachokera kuti, poti mulibe batire? Amachokera ku mchere. Khungu la selo lililonse la mtima lili ndi timakomo ting'onoting'ono timene timatseguka ndi kutseka. Selo likamapuma, mkati mwake mumakhala mphamvu ya magetsi yotsika kuposa kunja, pafupifupi mamilivoti 90 kunsi kwa ziro. Nthawi ikakwana, timakomo ta sodiyamu timatseguka mwadzidzidzi, sodiyamu n'kukhamukira mkati. Uku ndiye kuthetheka, ndipo kumayatsa selo loyandikana nalo. Kenako kashiamu amalowa, ndipo ndi amene amachititsa mnofu kufinyika. Pomaliza potaziyamu amatuluka, selo n'kubwerera mwakale kudikira ulendo wina. Zonsezi zimatha sekondi isanafike ndi theka lomwe.

Njira imene inandithandiza kuzimvetsa ndi kuganiza za moto wa m'tchire m'chilimwe. Moto umayenda kuchoka pa udzu uwu kupita pa uwo, ndipo kumbuyo kwake umasiya lupsa. Pa lupsa moto sungabwererepo, chifukwa palibe choti upsereze. Mtima nawo uli chimodzimodzi: selo likangothetheka, pamakhala kanthawi kamene silingayakenso ngakhale mutaliyatsa bwanji. N'chifukwa chake magetsi amayenda kulowera mbali imodzi, n'kuzima okha akafika kumapeto. Kusiyana kwake n'kwakuti udzu wa mumtima umaphukanso m'kanthawi kochepa kwambiri, kuti moto wotsatira upeze choyaka.

Tsopano ganizirani kuti pakati pa tchirelo pali thanthwe. Moto sungadutse pathanthwe, umalizungulira. Ukalizungulira mwaliwiro, umakapeza lupsa lake lomwe mbali inayo n'kuzima. Koma ukayenda pang'onopang'ono, pofika kumene unayambira umapeza udzu utaphuka kale, ndipo umayakanso, n'kuzunguliranso, osaleka. Mumtima thanthweli nthawi zambiri limakhala chipsera, mnofu umene unafa pamene mtsempha wodyetsa mtima unatsekeka. Moto wozungulira chipsera sumveranso SA node. Umagunditsa mtima mwaliwiro lake, ndipo zikachitikira m'zipinda zam'munsi munthu akhoza kugwa n'kufa m'mphindi zochepa.

Mankhwala olimbana ndi vutoli amagwira pa timakomo tija. Mu 1970 Miles Vaughan Williams wa ku Oxford anayamba kuwaika m'magulu, ndipo mpaka lero ophunzira zaudokotala amaloweza magulu anayi. Ena, monga quinidine, lidocaine ndi flecainide, amatseka timakomo ta sodiyamu, choncho moto umavuta kuyaka ndipo umayenda mochedwa. Ena amatseka timakomo ta potaziyamu kuti udzu uchedwe kuphuka, moto wozungulira ukafika upeze lupsa. Sotalol ndi amiodarone ali m'gulu limeneli. Verapamil ndi diltiazem amachepetsa kashiamu, ndipo popeza mlonda wa pachipata uja amadalira kwambiri kashiamu, amayamba kulowetsa magetsi ochepa. Gulu lotsala, la propranolol ndi atenolol, silikhudza timakomo mwachindunji. Limatseka makutu a mtima kuti usamve kukuwa kwa adrenaline. Amene ali ndi makolo odwala BP mwina dzina la atenolol analionapo kale pa kapepala ka kuchipatala.

Papepala zikuoneka zadongosolo, koma taonani pamene pagona vuto. Mukachedwetsa moto kuti usayake mwachisawawa, mwaupatsanso mpata wozungulira thanthwe n'kupeza udzu utaphuka. Mukachedwetsa udzu kuphuka, maselo ena amatha kuthethekanso pakati pa ulendo, nthawi isanakwane, n'kuyambitsa kagundidwe koopsa kamene dokotala wa ku France, François Dessertenne, anakatcha torsades de pointes mu 1966, chifukwa mzere wa ECG umaoneka ngati ukupotokola. Chochiritsa ndi chopha zili pa khomo limodzi.

Izi sizinadziwike mwa kungoganiza. Zinadziwika anthu atafa, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono.

M'zaka za m'ma 1980 madokotala ku America ankadziwa zinthu ziwiri, zonse zoona. Choyamba, anthu amene anapulumuka mtsempha wa mtima utatsekeka, ngati mtima wawo unkagunda timigundo towonjezera tochokera m'zipinda zam'munsi, ankafa mwadzidzidzi kawirikawiri kuposa anzawo. Chachiwiri, panali mankhwala atsopano, flecainide ndi encainide, amene ankathetseratu timigundo timeneti. Mukamupatsa wodwala, n'kumuveka kamakina kojambula mtima tsiku lathunthu, mzere unkatuluka woyera bwino. Ndani akanakayika? Timigundo tikugwirizana ndi imfa, mankhwala akuchotsa timigundo, ndiye kuti mankhwala akuchotsa imfa. Anthu ochuluka anapatsidwa mankhwalawa pa mfundo imeneyi.

Mu 1987 kunayamba kafukufuku wotchedwa CAST, kuti atsimikize chimene aliyense ankaona ngati chodziwikiratu. Chikhulupiriro chinali chachikulu moti madokotala ena ankakana kulowetsamo odwala awo, poopa kuti maere angawagwere kukhala m'gulu lolandira mapiritsi opanda mankhwala, zimene iwo ankaziona ngati kumana munthu chithandizo. Ofufuzawo anayamba apeza odwala amene mankhwalawa anawachotseradi timigundo tija, kenako anawagawa mwamaere: 755 anapitiriza kumwa flecainide kapena encainide, 743 anapatsidwa mapiritsi opanda kanthu. Mu April 1989 gawo limeneli la kafukufukuyu linaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Pa miyezi pafupifupi khumi imene anawatsatira, m'gulu la mankhwala munafa anthu 63, m'gulu la mapiritsi opanda kanthu munafa 26. Mankhwala achitatu, moricizine, anawapitiriza kwa kanthawi, nawonso anawaimitsa mu 1991 ataona kuti sakupulumutsa anthu ndipo akuvulaza m'masiku oyambirira.

Chimene chimandisowetsa mtendere pa nkhaniyi n'chakuti mankhwalawo sananame. Anachita ndendende zimene analonjeza, timigundo tinathadi. Madokotala aja sanali mbuli, ndiponso sanali ankhanza. Dokotala mmodzi payekha sakanatha kuona vutolo, chifukwa wodwala mtima akafa mwadzidzidzi, aliyense amati wafa ndi matenda ake, ndipo mwina amawonjezera kuti pakanapanda mankhwala akanafa kale. Wodwala wamoyo ndiye umboni wakuti mankhwala akugwira, wakufa ndiye umboni wakuti matenda anali aakulu. Ndi maganizo otere mankhwala sangagonje pa mlandu. Panafunika kuwerenga maliro m'magulu awiri ofanana kuti choonadi chituluke.

M'kalasi ya filosofe timaphunzira kuti zinthu ziwiri kuyendera limodzi sikutanthauza kuti china chikuchititsa chinzake, ndipo timalemba zimenezi pamayeso ngati masewera a mawu. Apa sanali masewera. Timigundo tija tinali utsi wosonyeza kuti mtima ndi wovulala. Kuchotsa utsi sikunachiritse chipsera, ndipo mankhwala ochotsera utsiwo anachedwetsa moto mozungulira chipsera chomwecho. Ndimaganizako zimenezi ndikaona mmene ifeyo timakondera zinthu zoyezeka, kaya ndi magiredi, kaya ndi chiwerengero cha anthu obwera kumsonkhano wa bungwe. Chinthu chikakhala chosavuta kuyeza, timayamba kuchitumikira n'kuiwala chimene tinkachiyezera. Koma ndisapite patali, nkhani ndi ya mtima.

Flecainide sanatayidwe. Akugwiritsidwabe ntchito lero, ndipo amathandiza kwambiri anthu amene mtima wawo ulibe chipsera kapena kuwonongeka kwina. Encainide ndiye anachotsedwa pamsika mu 1991. Pa magulu anayi aja, limene lasonyeza bwinobwino kuti limatalikitsa moyo wa munthu amene mtsempha wake wa mtima unatsekekapo ndi la propranolol lija, limene silichita zodabwitsa pa mzere wa ECG. James Black, amene anatulukira propranolol, analandira mphoto ya Nobel mu 1988.

Mwina mukuti izi ndi za ku America, kwa anthu okalamba odya zonona. Koma mbiri ya mankhwalawa imayambira pa chinthu chimene agogo athu amachidziwa bwino kuposa ife, kwinini. Karel Wenckebach, dokotala wa ku Netherlands, analemba mu 1914 za wodwala wina wamalonda amene mtima wake unkagunda mosalongosoka nthawi ndi nthawi. Dokotalayo atanena kuti alibe chomuchitira, wodwalayo anati iye amadziwa kuuletsa yekha, ndipo anabweranso mtima ukugunda bwino. Anali atamwa kwinini, amene anazolowera kumwa chifukwa cha malungo kumaiko otentha kumene ankachita malonda. Mu 1918 Walter Frey anasonyeza kuti quinidine, m'bale wake wa kwinini wochokera ku khungwa la mtengo womwewo wa cinchona, ndiye wamphamvu kwambiri pa mtima. Patapita zaka zinadziwika kuti quinidine yemweyo amagwetsa anthu ena chikomokere chifukwa cha torsades de pointes uja. Mpaka lero kwinini wa malungo amakhudza timakomo ta mumtima, n'chifukwa chake kuchipatala samubaya mumtsempha kamodzin'kamodzi koma amamudonthetsa m'diripi kwa maola angapo.

Palinso njira ina imene nkhaniyi imatifikira, ndipo imeneyi inalowa m'banja mwathu. Kuno matenda ambiri a mtima mwa achinyamata amayamba ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya, zimene mwana sanalandire nazo penisilini. Thupi polimbana ndi mabakiteriyawo limavulaza mavavu a mtima wake womwe, ndipo patapita zaka vavu imodzi imapanikizika, chipinda cham'mwamba chakumanzere n'kufutukuka. Chipinda chofutukuka chimayamba kuyaka malo ambirimbiri nthawi imodzi, maulendo opitirira 300 pa mphindi, moti sichifinyikanso koma kumangonjenjemera. Madokotala amati atrial fibrillation. Chimene chimapulumutsa munthu ndi mlonda wa pachipata uja, amene amakaniza magetsi ambiri kutsikira m'munsi. Koma amawalola mosatsata dongosolo, ndipo mukagwira pamkono pa munthuyo mumamva ngati ng'oma ya mwana amene akungophunzira kumene.

Azakhali anga ali ndi vuto limeneli. Amamwa digoxin, atenolol, furosemide wochotsa madzi m'thupi, ndi warfarin. Patchuthi china anandigwiritsa pamkono pawo n'kunena kuti, “Tamvera wekha mwana wa achimwene, iwe wa kuyunivesite. Chaka chathunthu ndikumwa mapiritsi, koma mtimawu ukungodumphadumphabe. Akundipatsa mankhwala olakwika amenewa.” Ndinamvadi kudumphako. Anali atayamba kuganiza zosiya, kapena kukafuna kwina kumene angawapatse mankhwala oti mtima uwongoke.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala ndinawaperekeza, ndipo funso lawo analifunsa okha. Adokotala anayankha mwachidule kuti cholinga chawo si kuwongola kagundidwe, koma kuchepetsa liwiro ndi kuteteza sitiroko. “Mayi, kudumphako musakuope kwambiri. Ife tikuopa kuthamanga, ndi magazi kuundana.” Digoxin ndi atenolol amalimbikitsa mlonda wa pachipata kuti azilowetsa ochepa, mtima uzipeza mpata wodzaza magazi usanakankhe. Warfarin sakhudza magetsi n'komwe. Ntchito yake ndi yoti magazi amene akuima m'chipinda chonjenjemeracho asaundane, chifukwa kachibuma kake kakathothoka kamakatseka mtsempha wa mu ubongo.

Kuwauza munthu wodwala kuti chimene chikumuvutitsa, chimene akuchimva usiku akagona chamanzere, si chimene akuchiritsidwa, n'kovuta kulandira. Azakhali anatuluka akung'ung'udzabe. Koma mayankho a adokotalawo ali ndi maziko. Mu 2002 kafukufuku wa AFFIRM, wa odwala 4,060 ku America ndi Canada, anayerekeza njira ziwirizi, kuwongola kagundidwe ndi mankhwala kapena kungochepetsa liwiro, ndipo kuwongola sikunatalikitse moyo, pamene amene ankawongoledwawo ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri. Sikuti nkhani inathera pamenepo. Kafukufuku wina wa ku Ulaya mu 2020 anasonyeza kuti kuwongola msanga, matenda atangodziwika kumene, kumathandiza odwala ena. Koma chipinda chimene chafutukuka kwa zaka zambiri kuseri kwa vavu yopanikizika sichichedwa kubwerera ku chisokonezo chake ngakhale mutachiwongola, pokhapokha vavuyo itakonzedwa.

Mankhwala amene akanatha kuyesa kuwongolera ndi amiodarone, ndipo amenewa ali ndi mtengo wake. Anapangidwa ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ngati mankhwala a kupweteka kwa pachifuwa, ndipo dokotala wa ku Argentina, Mauricio Rosenbaum, ndi mmodzi mwa amene anawatchukitsa pa matenda a kagundidwe. Amagwira pa timakomo pafupifupi tonse nthawi imodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake ali amphamvu komanso sayambitsa torsades kawirikawiri ngati anzake. Koma gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi ayodini, choncho amasokoneza chithokomiro. Amatha kuwononga mapapo ndi chiwindi, ndipo khungu la ena limasanduka lotuwa mobiriwira likamawombedwa ndi dzuwa. Mukasiya kumwa, amakhalabe m'thupi kwa miyezi. Womwa amiodarone amafunika kuyezedwa magazi ndi mapapo pafupipafupi, ndipo amachulukitsanso mphamvu ya warfarin ndi digoxin m'thupi. Kwa munthu amene ulendo umodzi wa kuchipatala chachikulu umadya ndalama ya thumba la feteleza, funso silikhala lakuti mankhwala amphamvu ndi ati, koma lakuti ndi ati amene tingathe kuwayang'anira.

Ngakhale digoxin amene akumwayo si wofatsa. Amachokera ku duwa la foxglove, limene William Withering wa ku England analemba za mphamvu yake mu 1785, ndipo iye yemweyo anaona kuti mlingo wochiritsa ndi mlingo wa poizoni zayandikana kwambiri. Digoxin salowa m'magulu anayi aja. Amatseka kapampu kamene kamatulutsa sodiyamu m'selo n'kulowetsa potaziyamu, ndipo pa kapampuko amalimbirana malo ndi potaziyamu. Potaziyamu akachepa m'magazi, digoxin amagwira mopyola muyeso, n'kuyamba kubala kagundidwe koipa kuposa kamene amachiza. Tsono furosemide, amene azakhali amamwa kuti miyendo isatupe, ntchito yake ina ndi kutaya potaziyamu mumkodzo. Kutsegula m'mimba kwa masiku awiri kukhoza kuchita chimodzimodzi, ndipo impso zikafooka digoxin amaunjikana chifukwa ndi zimene zimamutulutsa.

N'chifukwa chake zimene anawauza kuti aziyang'anira sizikhudza kudumpha kuja. Anawaphunzitsa kuwerenga kugunda kwa pamkono kwa mphindi yathunthu, osati theka, chifukwa mtima wosalongosoka umanamiza ukawerengedwa mwachidule. Kukatsika kwambiri, kapena akayamba nseru, kusanza, kusafuna chakudya, chizungulire, kapena kuona zinthu ngati zachikasu, asamwe piritsi lotsatira asanaonane ndi achipatala. Akadwala malungo kapena chifuwa, anene kaye mankhwala onse amene akumwa asanalandire ena, chifukwa kwinini amakweza digoxin m'magazi, ndipo maantibayotiki ena monga erythromycin amachedwetsa udzu uja kuphuka. Kapepala ka mayina anayi aja tsopano kamakhala m'kabuku kawo ka kuchipatala, kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ena anakopera m'foni ya mwana wawo wamkulu.